Ana Anayi a Zelipa

"Kadi imeneyi si chitenje choti mungabwerekane popita kumaliro," anatero Boaz Miti, akumanga zingwe za nsapato osamuyang'ana mkazi wake, Edita. "Ili ndi dzina lanu ndi nambala ya ntchito yanu. Zikadziwika, wochotsedwa pasukulu ndi inu, amake Dalitso. Si Zelipa."

Edita anamupempha kuti atsitse mawu, chifukwa Zelipa, mng'ono wakeyo, anali pakhonde pomwepo akuothera dzuwa la m'mawa. Nyumba za ku Kapata, m'tauni ya Chipata, n'zothinana, ndipo mkangano wa m'chipinda umafika kwa aneba usanathe. Boaz anatsitsadi mawu, koma sanasinthe maganizo. Anati iye ntchito yake ku Mwami ndi yokonza mapepala a malole odutsa pamalire, ndipo waona anthu ambiri akulowa m'mavuto chifukwa cha kabodza kakang'ono komwe ankati palibe angakaone.

"Chibale ndi fupa, bambo a Dalitso, sichiola," anayankha Edita. "Mwezi uliwonse amadula malipiro anga, akuti inshuwalansi ya zaumoyo, koma ine sindinagonepo m'chipatala chiyambire kudulako. Lero mng'ono wanga akutha magazi pakhonde panga, ine kadi ili m'chikwama. Ndimuuze kuti chiyani? Kuti akafere kumudzi chifukwa lamulo silidziwa kuti tinayamwa bere limodzi?"

Zelipa anali atabwera dzulo lake kuchokera ku Kasenengwa pamodzi ndi mwamuna wake, Simoni Soko. Kuyambira nthawi yokolola isanafike ankataya magazi osalekeza, moti zikope zake mkati zinali mbee, ndipo akatunga ndowa imodzi yamadzi ankakhala pansi kupuma ngati wakwera phiri. Kukiliniki ya kumudzi anamupatsa mapiritsi kawiri, kachitatu anamulembera kuti apite kutauni. Ndalama ya nsawa zonse za chaka chimenecho inathera pa sikani ndi kuyeza magazi. Madokotala anamupeza ndi zotupa m'chiberekero, ndipo anati pafunika opaleshoni. Kumbali yosalipira mzere unali wautali, anamuuza kuti adzabwerenso mvula ikagwa. Kumbali yolipira anatchula mtengo womwe Simoni ataumva anangovula chipewa n'kuchivalanso.

Si kuti Simoni sanayesepo. Chaka china thonje litagulidwa bwino analembetsa banja lake ku inshuwalansi ndipo analipira miyezi ingapo. Kenako thonje linagwa mtengo, feteleza anakwera, ndipo anasiya. Atapita kukafunsa tsopano, anamuuza kuti ayambe wabweza zotsalira zonse, kenako adikire. Ndipo pamene anthu olemba mayina a ovutika oti alipiriridwe anafika m'mudzi mwawo, anaona denga la malata ndi ng'ombe ziwiri m'khola, n'kupitirira. Simoni anali wosauka moti sakanatha kulipira, koma osati wosauka mokwanira kuti athandizidwe.

Mkangano uli mkati, Simoni anagogoda n'kulowa. Anali munthu wamtali, wosalankhulalankhula, ndipo zinaoneka kuti wamva zonse. Anati asavutike, iye agulitsa ng'ombe zonse ziwiri ndi ngolo yomwe. Koma Zelipa, yemwe anabwera pambuyo pake akugwira khoma, anakana. Anati ogula ng'ombe amanunkhiza munthu wofulumira, apereka theka la mtengo, ndipo ngakhale zonse zitagulidwa ndalamayo sikwana. Nanga mvula ikagwa adzalima ndi chiyani? Nanga Mercy, mwana wawo mmodzi yekhayo, adzadya chiyani?

Boaz anamuyang'ana mlamu wakeyo nthawi yaitali. Milomo ya Zelipa inali itauma ndi kutuwa. Pamapeto pake anapuma mpweya waukulu.

"Chabwino. Koma walira mvula walira matope. Ngati tanama, tiname mpaka kumapeto. Munthu asadzatsegule pakamwa pakati panjira, chifukwa khoswe wa padenga anaulula wa padzala."

Masiku otsatirawo Boaz akabwera kuntchito ankamukhazika Zelipa pampando n'kumamufunsa ngati wa pamalire. Dzina lanu? Edita Miti. Zaka? Makumi anayi ndi chimodzi, ngakhale Zelipa anali wamng'ono kwa mkulu wake ndi zaka khumi. Amuna anu? A Boaz Miti. Ana? Anayi: Dalitso, Emmanuel, Charity ndi Thandiwe. Poyamba Zelipa ankaseka, ndipo akafunsidwa za ana pakamwa pankathamangira Mercy. Boaz sankaseka. Ankabwereza funsolo mpaka yankho lizibwera lokha.

Tsiku lopita kuchipatala, Edita anamuveka mng'ono wake diresi yake ya kutchalitchi ndi wigi. Atamuyang'ana anachita mantha ndi mmene zinakhalira zosavuta. Dzuwa la kumunda ndi matenda zinali zitamukalambitsa Zelipa kufikira zaka za mkulu wake. Anapita kuchipatala china cha m'tauni cholandira makadi. Kalaliki anayang'ana chithunzi chofufuma cha pakadi, anayang'ana wodwala, anayang'ana mzere wautali womwe unali kumbuyo, n'kudinda.

Madokotala anati sangamuchite opaleshoni magazi ali ochepa chotero, choncho anamugoneka m'wodi n'kuyamba kumuwonjezera magazi. Apa m'pamene bodza lija linayamba kulemera. Nthawi yoona odwala ikakwana, Boaz ndiye ankakhala pampando wa kumutu kwa bedi ngati mwini mkazi. Simoni ankaima kumiyendo atanyamula fulasiki ya phala, ndipo anamwino ankamuitana kuti alamu. Amayi ogona mabedi oyandikana ankamuseka Zelipa, amvekere alamu anuwa amakukondani kuposa amuna anu, chifukwa amuna anu amangoyang'ana wotchi pomwe alamu safuna kuchoka. Zelipa ankamwetulira n'kutembenukira kukhoma.

Edita sankapitako kawirikawiri. Theka la anthu a m'Chipata linali ndi ana pasukulu yomwe iye ankaphunzitsa, ndipo ankaopa kuti wina amupatsa moni wa aphunzitsi a Miti pamaso pa namwino. Akapita ankafunda chitenje kumutu, ndipo akafunsidwa ankati ndine Zelipa, mng'ono wawo wa kumudzi.

Magazi atakwera, dokotala anaitanitsa wodwala ndi mwamuna wake. Simoni anatsala pabenchi panja. Dokotalayo anali munthu waulemu, wosafulumira. Anawaonetsa chithunzi cha sikani n'kuwalozera zotupazo, zina zazikulu ngati mango aang'ono. Anafunsa zaka ndi chiwerengero cha ana, ndipo Zelipa anayankha monga anaphunzirira.

Dokotala anati njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kuchotsa chiberekero chonse, matenda n'kutheratu. Yachiwiri ndi kuchotsa zotupa zokha n'kusiya chiberekero, koma imeneyo ndi ntchito yaitali, imafuna magazi ambiri, ndipo zotupa zimatha kumeranso. Anati amaichita makamaka kwa amayi achitsikana omwe akufunabe kubereka. Pamafunikanso chilolezo chapadera, ndipo a inshuwalansi amayamba abwera okha kudzamuona wodwala, kuona chitupa chake ndi kumudindisa chala.

"Koma inu mayi, pa zaka zanuzi ndi ana anayi, ine ndingalangize yoyamba ija. Pokhapokha ngati mukufunanso mwana wina. Mukufuna?"

Zelipa anayang'ana Boaz. Boaz anayang'ana pansi. Ankadziwa, monga aliyense pabanjapo ankadziwira, kuti Mercy atabadwa Zelipa anapita padera kawiri, ndi kuti iye ndi Simoni sanaleke kupempherera mwana wina. Ankadziwanso chimene chala cha Zelipa chikanaulula. Kunja kunkamveka kulira kwa mawilo a bedi lokankhidwa m'khonde.

"Anayi akwana, adokotala," anatero Zelipa.

Anasaina, ndipo Boaz anasainanso pamalo a mwamuna. Asanatuluke, pamene dokotala anatembenuka kukasamba m'manja, Zelipa anagwira malaya a mlamu wake n'kumunong'oneza kuti asawauze bambo a Mercy mpaka zitachitika. Panja Simoni anaimirira msanga n'kufunsa kuti akuti bwanji. Boaz anati akuti Lachinayi achotsa zotupa. Simoni anamugwira dzanja ndi manja awiri, namuthokoza, nati Mulungu yekha ndiye adzawabwezere.

Boaz anasunga mawuwo tsiku limodzi lokha. Mawa lake m'mawa, ana atapita kusukulu, anamuuza Edita zonse. Sanadzitchinjirize. Anati iye ndiye anamuphunzitsa kuyankha kuti anayi, ndipo atafunsidwa funso lenileni iye anangoti kukamwa pululu.

Edita anakhala pabedi manja ali m'miyendo. Anati sizingatheke, apita akanene zoona kwa dokotala. Boaz anati apite, iye samuletsa, koma adziwe chimene akunyamula. Akanena, Zelipa atulutsidwa m'wodi ndi zotupa zake. Magazi onse omwe amuika adzawalipiritsa. Nkhani ikafika kwa akuluakulu a maphunziro, ndipo mwina ndi kupolisi. Dalitso akulemba mayeso chaka chino, nyumba n'ja lendi, ndipo ntchito ya ku Mwami ndi ya lero ilipo mawa palibe. Anati mutu ukakula sulewa nkhonya, asankhe yekha.

Edita sanapite kusukulu tsiku limenelo. Anafunda chitenje chake n'kuyenda wapansi mpaka kuchipatala, akukonza mawu m'njira monse. Anadutsa pakhomo pa ofesi ya dokotala. Chitseko chinali chotsegula pang'ono, ndipo dokotalayo anali yekha akulemba. Edita anaima. Kenako miyendo inamupitiriza yokha mpaka kuwodi.

Anamupeza Zelipa atavula wigi ija chifukwa inkamuyabwa. Anakhala kumbuyo kwake n'kuyamba kumupesa ndi kumuluka tsitsi monga ankachitira ali ana. Analankhula za mtengo wa mafuta ophikira, za chimfine cha Thandiwe, za mayi wa bedi la pakona yemwe anatulutsidwa asanachire. Edita ankadikira kuti mng'ono wake ayambe nkhaniyo. Zelipa sanayambe. Belu lotulutsa alendo litalira, Edita anamanga luko lomaliza, nati tionana mawa, n'kutuluka. Podutsanso pa ofesi ija anayang'ana kumbali.

Lachinayi onse atatu anakhala pabenchi la panja pa chipinda cha opaleshoni. Simoni anali ndi korona yopempherera m'manja, milomo ikugwedera. Dzuwa litapendeka dokotala anatuluka, nalunjika kwa Boaz.

"Bambo Miti, zayenda bwino. Tachotsa chiberekero chonse monga tinagwirizana. Thupi lawo ndi lamphamvu ngati la mtsikana, achira msanga."

Simoni anaimirira pang'onopang'ono.

"Chonse?"

Dokotala anamuyang'ana, nafunsa kuti iwo ndi ndani wawo wa wodwalayo. Edita anaona korona ija ikufinyidwa m'chibakera cha Simoni.

"Ndine mlamu wawo," anatero Simoni.

Dokotala anamutsimikizira kuti asadandaule, mayiwo ali ndi ana anayi kale ndipo sataya chilichonse, kenako anapita. Simoni anatuluka m'khondemo, nadutsa pageti, nakaima pansi pa mtengo pomwe amayi amagulitsa nthochi ndi mazira owiritsa. Boaz ndi Edita anamutsatira. Boaz anayamba kufotokoza za chala ndi chilolezo, koma Simoni anakweza dzanja.

"Alamu, ine sindinapite kusukulu ngati inu, koma pamene ndinkamukwatira Zelipa, kutchalitchi anafunsa ine. Sanafunse inu. Tsiku lija munatuluka m'chipinda chija ndinakugwirani dzanja, ndinakuthokozani, inu mukudziwa chimene mwasainira. Ndakhala ndikuima kumiyendo kwa bedi la mkazi wanga ngati mlendo, ndikunena kuti palibe kanthu, bola achire. Mukanandiuza, ng'ombe ndikanagulitsa. Munda ndikanapinyolitsa. Mwina sizikanakwana, mwina ndikanavomera chomwechi. Koma ndikanavomera ndine. Amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Inu mwatsekula chitseko cha nyumba yanga ine ndili panja pabenchi."

Boaz anati Zelipa ndiye anamupempha kuti asanene. Simoni anagwedeza mutu, nati zimenezo akazimva kwa mkazi wake akadzuka. Kenako anatembenukira kwa Edita n'kumufunsa ngati nayenso ankadziwa. Edita anafuna kunena kuti anamva mochedwa, kuti anapita mpaka pakhomo pa dokotala. Koma anangogwedeza mutu kuvomera. Simoni anamuyang'ana ngati munthu yemwe akumuona koyamba, n'kubwerera kuwodi.

Mawa lake namwino anabwera ndi kapepala ka mankhwala. Anati ena mwa mankhwala oteteza bala atha m'chipatala ngakhale kwa a makadi, akagule kufamase kutauni. Boaz anatulutsa chikwama chake, koma Simoni anatenga kapepalako n'kunena kuti za mkazi wake aona yekha. Anakwera basi kupita ku Kasenengwa, ndipo anabwerera ndi mankhwala onse. Edita anamva kwa anthu ena kuti wagulitsa ng'ombe imodzi kwa wabutchala, pa mtengo womwe mwini ng'ombe sangaunene pagulu. Kuyambira tsiku limenelo Simoni sanagonenso ku Kapata. Ankagona m'shedi ya odikira odwala, ndipo tsiku lotulutsidwa anamutenga mkazi wake molunjika kumudzi. Diresi ndi wigi anazisiya kwa mlonda wa pageti m'pepala la pulasitiki, pamodzi ndi kadi ija.

Panapita masabata angapo opanda mawu. Edita akaimba foni ya Simoni, inkalira mpaka kuduka. Kunyumba iye ndi Boaz ankalankhula za makala ndi za yunifolomu basi. Malipiro atalowa anaona kuti a inshuwalansi adula monga mwa nthawi zonse. Palibe anabwera kudzafunsa chilichonse. Bodza lija linali litayenda bwino kwambiri.

Loweruka lina anagula shuga, sopo ndi kapenta, nanyamula Thandiwe, mwana wake wotsiriza yemwe anali asanayambe sukulu, n'kukwera basi ya ku Kasenengwa. Anatsika pamsewu nayenda wapansi pakati pa minda yomwe inali itawotchedwa kale kudikira mvula. Atafika anapeza Simoni akukonza goli pafupi ndi khola. M'kholamo munali ng'ombe imodzi. Simoni anamupatsa moni waulemu, wa munthu wodutsa, namulozera kuseri kwa nyumba, iye n'kupitiriza ntchito yake.

Zelipa anali pamphasa pamthunzi wa nkhokwe akuswa nsawa za mbewu. Anali atanenepako, ndipo magazi anali atabwerera kumaso. Anamulandira mkulu wake bwino, nanyamula Thandiwe n'kumukhazika pamiyendo mosamala, kupewa bala. Mercy atabwera kudzatenga mlendo wamng'onoyo kuti akasewere, awiriwo anatsala okha.

Edita anafunsa za bala, Zelipa anati likupola. Anafunsa za kulima, Zelipa anati agwirizana ndi mnansi wina yemwenso ali ndi ng'ombe imodzi, azilima mosinthana, kungoti wa ng'ombe yobwereka amadzala mochedwa. Anafunsa za Simoni. Apa Zelipa anayamba waswa nsawa zina zingapo. Kenako anati bambo a Mercy sanamukalipire ngakhale kamodzi. Amamutungira madzi, amamuwazira nkhuni. Koma apongozi anamva, ndipo alongo awo a Simoni ayamba kubwera pafupipafupi, kumakamba za mtsikana wina wa kutsidya kwa dambo. Simoni amawathamangitsa, amati iye ndi wa ukwati wa kutchalitchi. Koma madzi akamadontha pamwala tsiku ndi tsiku, anatero Zelipa, sudziwa chaka chomwe mwalawo udzaboole.

Edita anayamba kulira. Anati tsiku lija anabwera kudzamuluka tsitsi anali akudziwa zonse, ndipo anabwera kuti adzanene zoona, koma analephera.

"Ndinadziwa, asisi," anatero Zelipa. "Manja anu ankanjenjemera m'mutu mwanga. Ndinkangopemphera kuti musayambe nkhaniyo, chifukwa mukanandifunsa kuti ndinene kapena ndisanene, sindikudziwa chimene ndikanayankha. Sindikukuimbani mlandu. Popanda kadi yanu bwenzi pano mukubwera kudzasesa pamanda. Koma pali chimene ndakhala ndikufuna kukupemphani, ndipo ndimafuna mubwere nokha."

Edita anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, nati anene chilichonse. Ankaganiza za ng'ombe. Anali atayamba kale kuganiza zokatenga ngongole kuti awagulire ina.

"Alamu anandiphunzitsa mayina anayi, ndipo ndinawatchula pamaso pa dokotala ngati ana anga. Ndinati akwana. Chifukwa cha ana amenewo anandichotsa chiberekero. Ndikagona amandibwerera m'mutu motsatana monga ndinawalowezera, koma ndikadzuka pakhomo pano pali Mercy yekha. Dalitso ndi wamkulu, Emmanuel ndi Charity ali pasukulu kutauni, sindingawasokoneze. Ndipatseni Thandiwe. Ndimulere ine, akule ndi Mercy, pakhomo pano pamveke ana awiri. Mwana wa mkulu wanga ndi wanga yemwe, sindikupempha chachilendo."

Edita anayang'ana kubwalo. Thandiwe anali atavula nsapato, akuthamangitsa anapiye, Mercy akumugwira kumbuyo kuti asagwe. Thandiwe anali mwana yemwe sankagona popanda kugwira khutu la mayi ake. Edita anaganiza za kiliniki ya kumudziko yomwe inamupatsa Zelipa mapiritsi kawiri, za malungo a nthawi ya mvula, za mtunda wokafika kumsewu. Anafuna kunena kuti mwanayo akadali wamng'ono, kuti adikire chaka chimodzi, kuti azibwera naye pa holide iliyonse. Chilichonse chomwe anakonza m'mutu chinamveka chaching'ono pamaso pa mng'ono wake.

Pamapeto pake anati nkhani yotere sangaimalize yekha, ayenera kukafunsa kaye bambo a Dalitso.

"Musakawafunse alamu," anatero Zelipa, mosakweza mawu. "Za ine anasainira kale kamodzi. Ino muyankhe ndinu."

Anapitiriza kuswa nsawa. Sanabwerezenso pempholo, ndipo sanamuthandize mkulu wake ndi nkhani ina. Simoni anabwera kudzatenga chingwe pansi pa nkhokwe, nawayang'ana onse awiri, n'kubwerera kukhola osafunsa kanthu. Edita anazindikira kuti Simoni ndi Zelipa anali ataikambirana kale nkhaniyi.

Mthunzi wa nkhokwe unasuntha mpaka kuwasiya padzuwa. Basi yomaliza yopita ku Chipata inkadutsa pamsewu dzuwa lisanalowe, ndipo Edita anayenera kunyamuka. Anaimirira, nakung'untha chitenje, naitana mwana wake. Thandiwe anabwera akuthamanga, mapazi ali fumbi, m'manja atafumbata kamwanapiye komwe Mercy anamugwirira. Anafunsa ngati angapite nako kunyumba.

Edita anagwada. Anamupukuta kumaso ndi chikhato, namukonza kolala ya diresi. Kenako anatsegula chikwama chake, natulutsa juzi ya mwanayo ndi kabotolo ka mankhwala a chifuwa, n'kuziika pamphasa pafupi ndi mwendo wa Zelipa. Anati usiku amakhosomola, amupatse kasupuni kamodzi akatha kudya. Anamuuza Thandiwe kuti kamwanapiyeko sikangakwere basi, akhale nako kuno kwa amayi aang'ono, iye abwera Loweruka.

Mwanayo anavomera mosavuta, nathamangira kwa Mercy. Edita anayenda mofulumira kudutsa pakhola, kudutsa minda yowotchedwa ija. Anali atatsala pang'ono kufika pamsewu pamene anamva kulira kukuyamba kumbuyo kwake, kwakutali, kukuitana amayi. Anaima, chikwama chopepuka chili m'manja. Basi inatulukira pakona ikuliza hutala, kondakitala atatulutsa mutu pawindo akufunsa ngati akupita kutauni.

Anakwera.